Mwamuna wa Anamwino Afunsira Ntchito

Kalata ya nyumba anabwera nayo akulu a chipatala chathu chaching'ono, patatha milungu isanu chiikireni maliro a akazi anga. Akanatha kutuma mlonda, koma anabwera okha, Lachiwiri m'mawa, mvula ikuwaza. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akukamba za msewu ndi za chinangwa chomwe chinkawola m'minda ya kudambo, kalatayo ili m'thumba la malaya, ngodya yake ikuonekera. Ine ndinaiona, iwonso anadziwa kuti ndaiona. Pomaliza anaiika pampando, osati m'manja mwanga.

"Bambo, mundikhululukire. Akutitumizira namwino wina, ndiye mukudziwa kuti nyumbazi zilipo zitatu zokha."

Ndinawayankha kuti ndikudziwa. Nyumba ija inali ya ntchito, ndipo ntchitoyo inali ya akazi anga. Kalata inatipatsa mpaka kumapeto kwa Epulo. Sindinaone cholakwa mwa iwo. Amayi oyembekezera sakanadikira kuti ine ndiyambe ndamaliza kulira.

Chomwe chinandisowetsa mtendere ndi mwana. Tinabereka mmodzi yekha, wamkazi, ndipo chaka chimenecho anali Fomu 4 pasukulu yoyendera ya pafupi ndi Chintheche. Dzina lake linali litapita kale kwa olembetsa mayeso, chithunzi atajambulitsa, malo olembera ali pasukulu pomwepo. Mayeso ankayamba kumapeto kwa Juni. Pakati pa kutuluka m'nyumba ndi mayesowo panali miyezi iwiri imene sindinkadziwa kuti tizigona kuti, tizidya chiyani. Pamaliro ku Ntcheu, alamu anga, alongo awo a malemu, anali atandiuza kale mawu.

"Alamu, mwanayu kwawo ndi kuno. Zikakuvutani kumpotoko mubwere naye, adzalemba chaka chamawa."

Anayankhula mwachikondi, sindikana. Koma ndinali nditaonapo atsikana ambiri omwe anakhala kumudzi chaka chimodzi kudikira chaka chamawa. Chaka chamawacho chinawapeza ali ndi mwana kumbuyo.

Ndifotokozeko za ntchito yanga, ngakhale kuti mpaka lero imandivuta kuitchula ndi dzina limodzi. Ndili mnyamata ndinatenga satifiketi yokonza makompyuta ku Blantyre. Kumeneko ndi komwe ndinakumana ndi malemu, iwo akumaliza maphunziro a unamwino ndi uzamba. Titakwatirana, boma linawatumiza ku Mwanza, ine n'kupita nawo. Ndinapeza ntchito pashopu ina yokonza makompyuta ndi makina ochulukitsira mapepala. Patatha zaka zitatu anawasamutsira ku Salima, komwe ndinayang'anira malo a intaneti, kutayipira anthu makalata ndi kuwatsegulira maimelo. Ku Dowa ndinalowa pulojekiti ya bungwe lina, kulowetsa m'kompyuta zolembedwa m'makaundula a zipatala. Ku Kasungu ndinaphunzitsa ana a sekondale ya pulaiveti, kenaka ndinatsatira mkulu wina yemwe ankayala mawaya a netiweki m'maofesi. Ntchito imeneyo inandikopa moti ndinayamba dipuloma yake, kumaphunzira Loweruka lililonse ku Lilongwe. Itatsala chaka chimodzi kuti ndimalize, inabwera kalata ya ku Nkhata Bay. Tinamanga katundu.

Kuno ndinkangogwira chomwe chabwera. Pulinta ya pasukulu ikatafuna mapepala ankandiitana. Intaneti ikaduka kumaloji a m'mbali mwa nyanja, cha ku Makuzi uko, ankandiimbira foni. Nyengo ya mvula alendo akasowa, foniyo inkakhala chete milungu yambiri. Chakudya chenicheni m'nyumba chinkachokera kuchipatala.

Anthu sankandidziwa ndi dzina, ankangoti mwamuna wa anamwino. Ku Dowa wina ananditcha mkamwini wa boma. Kuno, tsiku loyamba kutchalitchi, atandionetsa kumpingo, bambo wina wa kumpando wakumbuyo ananong'ona mokweza kuti, "Awa ndiye anakwatiwa bwino." Akazi anga anaseka mpaka kubisa nkhope m'buku la nyimbo. Ine sizinkandipweteka. Ndinkaona kuti Mulungu anawapatsa iwo manja olandirira ana, ndipo ine anandipatsa kuti ndiziwasungira pakhomo. Bambo wonong'ona uja ndi amene anadzasanduka bwenzi langa lenileni. Ndi mkulu wa mpingo, Mtonga wa konkuno, mwini maukonde ndi mabwato awiri. Amanditcha Ada, ndiko kuti bambo m'Chitonga.

Malo a ntchito anawapeza ndi mwana wanga, pafoni ya mayi ake. Analipo atatu. Kampani ina ku Lilongwe inkafuna munthu wa netiweki. Sukulu ina ku Mangochi inkafuna mphunzitsi wa makompyuta. Bungwe lina la zaumoyo ku Mzuzu linkafuna wosanthula ndi kukonza deta, ndiko kuti manambala ochokera m'zipatala. Ndinakhala patebulo masana atatu ndikulemba pepala la mbiri ya ntchito zanga, lija amati CV. Linakwana masamba anayi. Mwana atabwera kusukulu analiwerenga ataimirira, yunifomu asanavule.

"Ababa, ili ndi buku."

"Ndalemba zoona zokhazokha."

"Aphunzitsi athu amati wolemba ntchito amawerenga tsamba loyamba basi. Apa patsamba loyamba mukukonza makina ku Mwanza, ine ndisanabadwe. Kodi mukufuna ntchito iti kwenikweni?"

"Iliyonse yomwe Ambuye angatsegule."

"Iliyonse si ntchito, Ababa. A ku Lilongwe mungowalembera za mawaya. A ku Mangochi za kuphunzitsa. Zinazi fufutani."

Ankanena zanzeru, ndipo ndinadziwa. Ndinaika chala pabatani lofufutira, mzere wa ku Mwanza uli patsogolo panga. Mzere umenewo kwa ine unali kachipinda kamodzi kodontha, komwe tinkasuntha bedi mvula ikayamba. Wa ku Dowa unali chaka chomwe mwanayo anabadwa. Wa ku Salima unali njinga yomwe ndinkawanyamulirapo mayi ake kupita kuntchito chifukwa mchenga unkawalowa m'nsapato zoyera. Sindinathe. Mwanayo ndinangomuuza kuti kubisa ntchito yomwe unagwirapo kuli ngati kunama. Anandiyang'ana, n'kupita kukavula yunifomu.

Ndinatumiza masamba anayi omwewo kumalo onse atatu. Pansi pa ntchito iliyonse ndinali nditalemba chifukwa chosiyira, ndipo chinali chimodzimodzi: kusamuka kwa banja.

Marichi anafika pakati, osamva kanthu. Tsiku lina titaweruka ku mapemphero a Lachinayi, mkulu wa mpingo uja ananditengera kwawo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo akusoka ukonde, chala chachikulu cha kuphazi chitakola chingwe. Ndinawafotokozera zonse.

"Ada, ndiye mwaponya ukonde umodzi kuti ugwire usipa, kampango ndi ng'ona yomwe?"

"Ndilibe wina."

"Muli nawo asanu ndi umodzi, mwangowamanga pamodzi. Tandiuzeni. Pa ntchito zonsezi, ndi iti yomwe mukaigwira mumaiwala kuti simunadye?"

Palibe anali atandifunsapo zotere. Zaka zonsezo ndinkafika pamalo, n'kuyang'ana chomwe chilipo, n'kuchigwira. Ndinali ndi zaka makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, koma ndinali ndisanasankhepo ntchito. Iwo anapitiriza kusoka ukonde wawo. Ndinkafuna kunena za netiweki, chifukwa ndiyo yomwe anthu amaipatsa ulemu. Koma chomwe chinabwera m'mutima ndi kumapeto kwa mwezi. Akazi anga ndi anzawo ankavutika ndi malipoti, manambala osagwirizana, ndipo akulu a chipatala ankandilola kukhala pakompyuta ya mu ofesi kuwathandiza. Ndinkatsata mzere ndi mzere mpaka kupeza pomwe wina analumpha kapena kubwereza. Ndikapapeza ndinkamva kukoma komwe sindinakumvepo ndikuyala mawaya.

"Ndi ya manambala," ndinatero.

"Ya Mzuzu ija? Ndiye pemphererani imeneyo. Zinazo musiyireni Mulungu apatse ena, nawonso ali ndi ana."

A ku Lilongwe sanayankhe. A ku Mangochi sanayankhe. A ku Mzuzu anaimba sabata yotsatira kuti ndipite kukaonana nawo.

Ndinakwera minibasi ya m'mawa, nditavala jekete lomwe ndinavala pamaliro, poti ndilo ndinali nalo. Ku Limphasa mpunga unali wobiriwira mpaka kumapiri, anthu atawerama m'madzi. Titayamba kukwera zitunda kunazizira, ndipo ndinakumbukira kuti nthawi zonse ndikamapita ku Mzuzu malemu ankandiponyera juzi m'chikwama osandifunsa. Tsiku limenelo ndinalibe.

Ondifunsa anali atatu: mayi wachikulire pakati, ndi abambo awiri achinyamata. Mmodzi wa abambowo anandifunsa za pulogalamu ina yatsopano yosanthulira manambala. Ndinamuuza kuti dzina ndinalimvapo koma sindinaigwiritsepo ntchito. Analemba kanthu papepala. Kenaka anandipatsa laputopu, momwe munali ndandanda wa amayi ndi ana obadwa, wongopeka, n'kundiuza kuti ndipeze zolakwika m'mphindi makumi awiri. Apo mtima unakhala pansi. Ndinapeza khanda lolemera makilogalamu makumi atatu ndi imodzi, pomwe wolemba anaiwala kadontho. Ndinapeza mayi yemwe masiku ake ankaonetsa kuti anachira asanayambe sikelo, ndi wina yemwe analembedwa kawiri, dzina litasiyana chilembo chimodzi. Ndinawauzanso kuti ana amapasa awiri omwe ankaoneka ngati obwerezedwa asawachotse, chifukwa azamba amawalemba motero, nthawi yobadwira yokha ndiyo imasiyana. Bambo uja anasiya kulemba.

Mayi aja nthawi yonseyi ankangotembenuza masamba anga anayi. Kenaka anavula magalasi.

"Bambo, ntchito zisanu ndi imodzi, ndipo paliponse mwalemba kuti kusamuka kwa banja. Ife timaphunzitsa munthu miyezi itatu. Tikakulembani, banjali lidzasamukanso liti?"

Sindinakonzekere funso limenelo. Ndinayankha chomwe chinalipo.

"Amene ndinkawatsata anatisiya mu Januwale, mayi. Palibenso wondisamutsa."

Mayi aja anati pepani, n'kuvalanso magalasi. Anafunsa mafunso ena awiri omwe sindikuwakumbuka. Nditatuluka ndinakakhala pa benchi kudepoti, manyazi atandigwira ngati ndaba. Ndinkaona ngati ndanyamula mtembo wa akazi anga n'kukauika patebulo la anthu kuti andimvere chisoni. Mwana uja akanakhala kuti ndinamumvera, funsolo silikanabwera. M'minibasi pobwerera ndinapempha chikhululukiro kwa Mulungu, ndi kwa malemu, ngakhale ndikudziwa kuti akufa samva. Mpaka lero sindidziwa ngati anandilemba chifukwa cha khanda la makilogalamu makumi atatu lija kapena chifukwa cha yankho limenelo. Sindinafunsepo.

A ku Mzuzu anaimba sabata yachiwiri ya Epulo. Ntchito inali yanga, kuyamba tsiku loyamba la Meyi. Koma anandiuzanso chomwe sichinalembedwe pachidziwitso chija: milungu iwiri pamwezi ndizikhala m'maboma, Rumphi, Karonga, mpaka Chitipa, kuyendera zipatala. Kuyendera kuchokera ku Chintheche sikukanatheka. Kumutenga mwana kupita naye ku Mzuzu kunali kumulanda mayeso, n'kumamusiyanso yekha m'tauni yachilendo. Ndinawapempha masiku atatu.

Mkulu wa mpingo uja anali atandiuzapo kale kuti tikasowa kolowera, mwana akhoza kugona ndi adzukulu awo aakazi, ine n'kuyala mphasa m'kanyumba kosungira maukonde, masana n'kumakonza mafoni pakhonde. Ndinaganiza kuti ndichite zimenezo. Mwana yemwe waika mayi ake m'manda mu Januwale sangatsanzikenso bambo ake mu Epulo. Ntchito zimabwera. Ndinawauza akuluwo maganizo anga. Iwo sanandivomere kapena kunditsutsa, anangofunsa ngati mwiniwakeyo ndamuuza.

Ndinamuuza Loweruka masana, tikulongedza zovala za mayi ake zoti zipite ku Ntcheu. Iye ankapinda mayunifomu oyera, ine ndikumanga makatoni.

"Ndawakana a ku Mzuzu. Ndiwaimbira Lolemba."

Anasiya kupinda.

"Mwawakana kapena mukufuna kuwakana?"

"Ndiwaimbira Lolemba."

"Chifukwa cha ine?"

"Chifukwa cha ife. Ulembe kaye mayeso ndili pafupi."

"Ndiye muzikagona ndi maukonde? Inuyo, ndi chifuwa chanucho?"

"Ndi miyezi iwiri yokha, mwanawe."

"Ikatha miyezi iwiriyo?" Mawu ake anakwera, chinthu chomwe anali asanachitepo kwa ine. "Ababa, amayi munawatsata zaka zonsezi, chabwino, anali akazi anu. Ine ndikalemba mayesowa ndikakhoza ndizipita. Mudzanditsata mpaka kuti? Mudzayala mphasa pakhomo la hositelo, n'kumakonza mafoni a anzanga?"

Ndinafuna kuseka, koma ndinaona kuti akulira.

"Amayi ankandiuza za dipuloma yanu ija. Ankati ndi iwo anakulandani. Ankalira nayo, inu simudziwa. Tsopano mukufuna inenso ndidzakhale nacho chimenecho? Ayi, Ababa. Sindingathe."

Za dipulomazo sindinkazidziwa. Tsiku lomwe kalata ya ku Nkhata Bay inabwera, akazi anga anandifunsa kamodzi kokha ngati ndikufuna kutsala ku Kasungu kuti ndimalize. Ndinati ayi, iwo n'kuti chabwino, ndipo sitinaikambenso. Ndinkayesa kuti inathera pomwepo. Zaka zisanu ndi chimodzi anaisenza okha, m'nyumba momwemo, ine ndikuwathira madzi osamba m'bafa. Ndinakhala pakatoni.

Mwanayo anapukuta m'maso ndi yunifomu yomwe inali m'manja mwake, n'kundiuza kuti iye anali atakamba kale ndi akazi a mkulu wa mpingo. Malo ake ogona anali atawaona. Tebulo lowerengera analipeza, la pansi pa zenera. Zonsezi anazikonza sabata yomwe ndinapita ku Mzuzu, asanadziwe n'komwe ngati andilemba.

Lamulungu sindinamve ulaliki. Lolemba m'mawa ndinaimba foni n'kunena kuti ndibwera.

Makiyi ndinakawapereka tsiku lomaliza la Epulo. Namwino watsopanoyo anali mtsikana wa ku Zomba, wa mwana wakhanda. Ndinamuonetsa pomwe thanki imadontha ndi momwe amatsekera zenera la kukhitchini, loti uyambe walikweza pang'ono. Katundu wa mwana wanga anakwana pa wilibala imodzi. Akazi a mkulu wa mpingo anamulandira pabwalo, n'kundiuza m'Chichewa chawo chokoka kuti, "Ada, pitani ndi mtima umodzi. Uyu ndi mwana wathu." Mwanayo sanandiperekeze kumsewu. Anati ali ndi phunziro la masamu, ndipo ndinamvetsa.

Ku Mzuzu ndinapeza chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya munthu. Sabata yoyamba anandiphunzitsa pulogalamu ija, yachiwiri ndi yachitatu ndinali ku Karonga. Ntchitoyo ndinaikonda, ndiyenera kunena zoona, ndipo kuikondako kunkandipweteka. Madzulo ndikaimba foni mwana ankayankha mwachidule: ali bwino, akuwerenga, chakudya akudya. Kumbuyo kwake ndinkamva atsikana akuseka m'Chitonga.

Ndinabwerera ku Chintheche Loweruka lachinayi. Nditatsika minibasi miyendo inayamba yokha kulowera njira ya kuchipatala, ndipo ndinafika pa mjigo ndisanazindikire. Ndinabwerera n'kutsikira kwa mkulu wa mpingo. Anandikhazika pampando wa ndalema pansi pa mango paja. Anabwera akuluwo kudzandilonjera, kenaka akazi awo, kenaka adzukulu mmodzimmodzi, monga amachitira ndi mlendo. Pomalizira anatuluka mwana wanga, atamanga chitenje chomwe sindinkachidziwa. Anagwada chapatali, pomwe anagwada anzakewo, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Mwe uli, Ada?"

Anzakewo anaseka, iyenso anamwetulira, poti ankafuna kundionetsa kuti Chitonga chayamba kumulowa. Ndinayankha moni wakeyo momwe ndimathera. Anapita kukatenga madzi osamba m'manja, n'kundithirira, n'kubweretsa kondowole, nsima ya chinangwa ija, ndi usipa m'mbale zovundikira, zija amasungira alendo. Ataika, anabwerera kukhitchini kukadya ndi akazi anzake, monga mwa mwambo wa pakhomopo. Kwathu tinkadya atatu patebulo limodzi, iye akulimbirana mutu wa nsomba ndi mayi ake.

Ankaoneka bwino. Anali atanenepako, ndipo mabuku ake ndinawaona pazenera, atasanjidwa bwinobwino. Zonse zomwe ndinkapempherera zinalipo. Mkulu wa mpingo anavundukula mbale n'kundipempha kuti ndidalitse chakudya. Ndinatseka maso, koma mawu sanatuluke. Anadikira pang'ono, kenaka anapemphera okha.